Thabwa lofiira la pa Ulva

Pa kadoko kotchedwa Ulva Ferry, kumadzulo kwa chilumba cha Mull ku Scotland, palibe belu, palibe ofesi ya matikiti, palibenso kondakitala wokuwa. Pali thabwa basi, lokhomedwa pakhoma, lokhala ndi kachitseko kosuntha. Ukafuna kuwolokera pa kachilumba ka Ulva umakankha kachitsekoko kuti mbali yofiira ionekere, kenako n'kudikira. Mwini boti ali tsidya linalo akaona kufiirako amayatsa injini n'kubwera kudzakutenga. Boti likayandikira umatsekanso, kuti asadzabwere ulendo wina pachabe.

Ine ndinaima pamenepo foni ili m'manja, ndikufufuza pamene ndingadine. Bambo a kunyumba ndi amene anandigwira paphewa n'kundilozera thabwalo. Ndinachita manyazi pang'ono. Zaka zimene ndakhala ku Glasgow zandizoloweretsa kuti chilichonse, ngakhale kuitana galimoto kapena kugula buledi, chimadutsa pa foni. Koma apa panali njira imene agogo anga a ku Bembeke akanaimvetsa osafunsa munthu.

Kuwolokako n'kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kufika pa dokolo ndiye ntchito: sitima ya pamtunda kuchoka ku Glasgow mpaka ku Oban, maola atatu, sitima ya pamadzi kuchoka ku Oban mpaka ku Craignure, mphindi zosakwana 60, kenako msewu wopapatiza wodutsa ku Salen, umene galimoto ziwiri sizipatukirana pokhapokha wina ataima pambali. Pa Ulva penipenipo palibe msewu wa tala. Anthu amayenda pansi kapena pa tinjinga tamoto ta matayala anayi.

Ndinene chimene chinandipititsa. Ndinkafuna kukaona kwawo kwa David Livingstone. Ife tonse amene tinadutsa ku pulayimale m'Malawi timadziwa kuti anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland m'chaka cha 1813, kuti anaona nyanja yathu mu 1859, kuti anamwalirira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, ndiponso kuti mzinda wathu wa Blantyre unatchedwa dzinalo mu 1876 pokumbukira kumene anabadwira. Koma kwathu kuno munthu akakuuza kuti anabadwira ku Ndirande, timafunsabe kuti, "Inde, koma kumudzi n'kuti?" Kumudzi kwa a Livingstone ndi pa Ulva. Agogo ake, a Neil Livingstone, anali mlimi wamng'ono pachilumbachi, ndipo bambo ake a David anabadwira pompo. Kamunda kanawachepera, ana anachuluka, ndiye mu 1792 anasamuka kupita ku Blantyre kukagwira ntchito ku fakitale yopota thonje. Mdzukulu wawoyo analowa m'fakitale yomweyo ali ndi zaka 10.

Choncho ndinapita kukafuna munthu wotchuka. Amene anandikhalira mumtima pobwerera ndi mayi wina wokama ng'ombe.

Ukangotsika boti, pafupi pomwepo pali kanyumba ka miyala kofolera ndi udzu kamene amakatcha Sheila's Cottage. Munkakhala mayi Sheila MacFadyen, wokama ng'ombe uja, mpaka cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pambuyo pake anthu anakakonzanso kuti alendo aone mmene anthu a pano ankakhalira. Khomo lake n'lalifupi, makoma ake ndi ochindikala, mawindo ake ndi tating'ono. Nditangolowa, mphuno inazindikira maso asanazolowere mdima: fungo la udzu wouma ndi chinyezi cha khoma, ngati khitchini ya kumudzi m'mwezi wa February mvula itagwa sabata yathunthu. Ndinangoti, "Ii, kwathu kuno!" Bambo a kunyumba anaseka, koma nawo anangoima duu, maso ali kudenga.

Kunena zoona, palibe anandiuzapo kuti azungu a ku Scotland ankagona m'nyumba za udzu, ena ng'ombe ili mbali ina ya denga lomwelo. Scotland amene tinaphunzira ife anali wa amishoni ovala makolala oyera, wa madokotala, wa tchalitchi cha njerwa ngati cha St Michael and All Angels. Zoti kuseri kwa anthu amenewo kunali midzi ya anthu osauka, olankhula chinenero chawochawo cha Chigaeliki chimene akuluakulu a m'mizinda ankachinyoza, sizinkalembedwa pa bolodi.

Zipangizo za m'nyumba za pa zilumbazi ndakhala ndikuziona m'malo angapo osungira zakale kuno, ndipo nthawi iliyonse ndimapezeka ndikuzitchula mayina a kwathu. Pali poto wachitsulo wa miyendo itatu amene ankamupachika pa tcheni pamwamba pa moto. Pali chiwaya chafulati chophikira timikate ta oats, mbewu yonga tirigu. Pali kanyale kachitsulo kamene ankathiramo mafuta a nsomba, chingwe chake chochokera ku mtima wa udzu wa m'dambo. Ndiye koloboyi wawo ameneyo, ndipo ndikukhulupirira kuti utsi wake unkadetsa mphuno chimodzimodzi. Pali bedi lokhomedwa ngati kabati, lotsekeka m'mbali, kuti mphepo isakupeze usiku. Pali dengu loluka lotchedwa cliabh, lobereka kumsana, limene amayi ankatutira zomera za m'nyanja ndi nkhuni zawo. Ndati nkhuni, koma mitengo pa zilumba zambiri inali yosowa. Ankasonkha dothi lakuda la m'madambo, limene amalidula ngati zidina, kuliyanika m'chilimwe, likauma n'kumayaka pang'onopang'ono ndi fungo lakelake.

Chimene chimandigwira kwambiri ndi mphero. Yawo ndi ya miyala iwiri yozungulira, wina pamwamba pa unzake, wapamwambawo uli ndi bowo pakati pothirira mbewu ndi kamtengo kopukusira. Amayi awiri ankakhala moyang'anana, akupukusa, akuimba, monga amayi athu pa mtondo. Ndiye m'madera ena a Scotland eni malo ankalamula kuti mphero zimenezi ziphwanyidwe, n'cholinga choti aliyense azikagayitsa ku chigayo cha bwana n'kusiyako gawo la ufa wake. Tangoganizani munthu kubwera pakhomo panu kudzang'amba mtondo chifukwa iye wagula chigayo. Mwala wamba ngati umenewo unali ndi mlandu wake.

Titatuluka m'kanyumbako tinatsata njira ya kumwera. Apa ndiye pamafunika maso a mlimi. Mlendo wa m'tauni amangoona mapiri obiriwira, koma ine mwana wa ku Dedza ndinaona mizere. Pansi pa udzu ndi zitsamba, m'malo otsetsereka, nthaka ili ndi mitumbira italiitali yoyandikana, yofanana ndi munda umene wagonera zaka zambiri. Pa Chigaeliki amati feannagan. Pa Chingerezi anaipatsa dzina lotanthauza kuti mabedi a alesi, ndipo amene anapeka dzinalo ndikukayika ngati anagwirapo khasu. Nthaka ya pano ndi yopyapyala, pansi pake pali thanthwe, mvula ndi ya tsiku ndi tsiku. Kuti mbewu imere ankatuta zomera za m'nyanja pamsana, kuziyala pansi ngati manyowa, kukumba ngalande mbali zonse ziwiri n'kuunjika dothilo pamwamba. Khasu lawo linali cas-chrom, kutanthauza phazi lopindika: mtengo wautali wokhota kumunsi, nsonga yachitsulo, ndi kachikhomo kopondapo. Unkaponda, kutsamira m'mbuyo, chigulumwa n'kutembenuka. Pamalo amiyala pamene pulawo ya hatchi sikanadutsa, ndiye chinali chida chake. M'mizere imeneyo ankabzala kachewere, yemweyu amene ife timagulitsa m'ndowa m'mbali mwa msewu wa M1.

Nanga anthu olima mizere yonseyi anapita kuti?

Cha m'ma 1837 pa Ulva panali anthu pafupifupi 600 m'midzi 16. Panali osoka nsapato, opala matabwa, okhoma maboti, atelala, owomba nsalu ndi osula zitsulo. Chimene chinkawasunga pachilumbachi chinali phulusa. Amayi a ku Malawi amvetsa msanga: mukawotcha zitsononkho kapena mapesi, phulusa lake n'kulitcheza, mumapeza chidulo chophikira therere. Anthu a pa zilumbazi ankachita zofananako ndi zomera zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa kelp. Madzi akaphwa ankalowa m'nyanja yozizira ndi zikwakwa, kumweta, kukokera kumtunda, kuyanika, kenako kuwotcha m'maenje a miyala mpaka zitasungunuka n'kuuma gwa ngati mwala. Mwalawo unkapita ku mafakitale opanga sopo ndi magalasi. Kuti upeze tani imodzi unkafunika kumweta matani pafupifupi 20 a zomera zaziwisi. Pa nthawi ya nkhondo za Napoleon wa ku France, pamene katundu wotere sankabwera bwino kuchokera ku Spain, mtengo unakwera mpaka mapaundi 20 pa tani. Eni zilumba analemera. Ankafuna manja ambiri, choncho ankalimbikitsa anthu kukhala pa timinda tating'ono tosakwanira kudyetsa banja, kuti lendi azilipira ndi ntchito ya phulusa.

Nkhondo itatha boma linachepetsa misonkho ya katundu wa kunja, akatswiri anapezanso njira yopangira mankhwala omwewo kuchokera ku mchere, ndipo m'zaka za m'ma 1820 mtengo unagwa. Amene anaonapo mlimi wa fodya akubwera ku okushoni manja ali m'khosi safunika kumufotokozera zambiri. Mu 1835 chilumbachi chinagulidwa ndi loya wina dzina lake Francis William Clark. Mu 1846 matenda anagwira kachewere, n'kuolera m'munda m'dera lonse la mapiri ndi zilumba. Anthu anatsala opanda ndalama, opanda chakudya, ndipo bwana anawerengera n'kupeza kuti nkhosa zimupindulira kuposa anthu. M'zaka zochepa chabe anthu ambiri a pa Ulva anali atachotsedwa. Mabanja ena ankawatenthera denga kuti asabwerere. Ena anathera ku mafakitale a ku Glasgow, ena ku Canada, ena ku Australia. Pali malo ena pachilumbachi pamene panaunjikidwa okalamba ndi ofooka amene analibe kolowera, ndipo mpaka lero dzina la malowo limatchula njala.

Livingstone mwiniwake anafikako mu 1864, atabwerera kuchokera ku ulendo wake wa ku Zambezi ndi Shire, kudzafuna abale. Anapeza mabwinja.

Ifenso ndi zimene tinapeza. Ku Ormaig, umodzi mwa midzi yakaleyo, makoma a miyala akadali chiimire, ofika m'chiuno kapena paphewa, opanda denga. Khomo likuoneka, pamene panali moto pakuoneka. Zitsamba zotchedwa bracken zamera mpaka m'kati, ndipo tizilombo toluma tating'onoting'ono ta kuno, tochepa kuposa udzudzu koma tankhanza kuuposa, sitinatilole kukhala pansi nthawi yaitali. Kuderali ndi kumene kunachokera banja la Lachlan Macquarie, amene anakakhala bwanamkubwa wa New South Wales ku Australia kuyambira mu 1810. Palinso phanga limene limatchedwa dzina la Livingstone, poti akuti agogo akewo anakhalamo kanthawi akumanga nyumba. Akatswiri ofukula zakale atakumba pansi pake anapeza mulu wa zigoba za nkhono za m'nyanja ndi timiyala tosema, zosiyidwa ndi anthu amene anadyera pamenepo zaka zoposa 7,000 zapitazo. Ngakhale apo, chimene chinatsala ndi dzala, zotaya za pakhomo. Mayina a anthuwo palibe akuwadziwa.

Ndili chiimire m'bwinja lina ndinakumbukira nkhani imene sindinayembekeze kuti indipeza pamenepo. Mwana wamkazi wa Livingstone, Agnes, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce, ndipo banja limeneli ndi limene linali ndi esiteti yaikulu ya ku Magomero ku Chiradzulu. Kumeneko anthu athu ankakhala pa nthaka ya bwana ngati alendo, akulipira lendi ndi thukuta, thangata uja. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, amene anaphedwa mu January 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe, anali wochokera ku Lismore, kachilumba kena kufupi ndi Oban, kamene sitima yathu inakadutsa m'mawa womwewo. Anthu ochokera m'dziko limene linadziwa kuwawa kwa lendi ndi kupsa kwa madenga anakafika kwa eni ake n'kukhala mbali ya bwana. Ndinawauza bambo a kunyumba zimenezi, iwo n'kungoti, "Wakwera pamsana pa njovu uja, amayi a Chisomo." Sanamalize mwambiwo, ndipo sindinafune kuti amalize.

Sindikufuna kuti nkhani ya Ulva imveke ngati maliro okhaokha, chifukwa anthu ake sakuitenga choncho. Pofika mu 2018 pachilumba chonsechi panatsala anthu 6. Mwini wake ataganiza zogulitsa, anthu a m'deralo anagwiritsa ntchito lamulo la ku Scotland la mu 2003 limene limapatsa mudzi mwayi woyamba wogula malo amene ukukhalapo. Kudzera m'bungwe lawo la North West Mull Community Woodland Company, ndi thandizo la mapaundi oposa 4 miliyoni kuchokera ku thumba la Scottish Land Fund, chilumbachi chinakhala chawo pa 21 June 2018. Sanali oyamba, a pa chilumba cha Eigg anagula chawo mu 1997, a pa chilumba cha Gigha mu 2002. Chiyambire pamenepo akhala akukonza nyumba zimene zinali zitatsekedwa, abweretsa ng'ombe zaubweya zija za nyanga zitalizitali, ndipo anthu ayamba kuwonjezekera pang'onopang'ono. Kachisi amene anamangidwa mu 1828 motsata mapulani a injiniya Thomas Telford akadalipo, ngakhale anamangidwira mpingo wa anthu mazana umene unabalalika iye akadali watsopano.

Komabe pali chimene chimandivuta ndi nyumba zosungira zakale, ya Sheila yomwe. Chinthu chimalowa m'menemo pokhapokha mwini wake atachoka. Poto amene ali pamoto palibe amamulembera kapepala. Kuti dengu lipachikidwe pakhoma anthu azilijambula, ndiye kuti msana umene unkalibereka unapita. Mayi Sheila akanadzuka lero n'kupeza alendo ochokera ku Germany ndi ku Malawi akusuzumira pogona pawo, sindikudziwa ngati akanaseka kapena akanatithamangitsa ndi tsache. Ndipo ndisaname: nyumba ija inali yozizira, yautsi, yamdima. Amene amaisirira ndi ife obwera ndi majekete abwino, odziwa kuti madzulo tikagona pofunda. Ndi mmene amachitira abale athu a m'tauni akafika kumudzi pa Khirisimasi, kutamanda nsima ya mgaiwa ndi madzi a mumtsuko, tsiku lachitatu n'kuyamba kufunsa za minibasi.

N'chifukwa chake pa zinthu zonse zimene ndinaona, thabwa lija ndi limene ndimalikumbukira ndikumwetulira. Silili m'galasi. Palibe analilembera mbiri. Limagwira ntchito tsiku lililonse limene boti likuyenda, ndipo limagwira chifukwa anthu a mbali ziwiri za madziwo anagwirizana kuti kufiira kutanthauza kuti pali munthu akudikira. Likawola adzakhoma lina.

Tinadya nkhono za m'nyanja ndi buledi pa kanyumba kodyera ka pa doko, kamene amati The Boathouse, tikudikira kuwoloka. Ine nkhonozo ndinangolawa imodzi. Munthu wokulira usipa ndi matemba zinthu zoterera zosaphika sizimutsika bwino. Tsidya linalo ndinaona banja lina litaima pamene ndinaima ine m'mawa, bambo ake akuyang'ana pa foni, mpaka kamwana kawo kanathamangira pakhoma n'kukankha kachitseko kaja.

Usiku umenewo, tili pa malo ogona ku Mull, ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Kwathu inali itadutsa kale nthawi yogona, koma anayankha.

"Amayi, mphero ija ya agogo, inkakhala kuseri kwa nkhokwe ija, ikadalipo?"

"Mphero? Iwe, usiku uno ukundidzutsira mphero?"

"Ndangoikumbukira. Ija ankaperera mawere."

Anakhala chete pang'ono, ndikumva akukonza chitenje. "Mwala waukuluwo achimwene ako anauika pa maziko a bafa. Mwanamphero ndiye kaya, mwina ana anatayira kudimba."

"Nanga mtondo wawo uja?"

"Unafumbwa kalekale, tinasonkhera moto pa maliro a atsibweni ako. Kodi kumeneko kwagwanji?"

Ndinawafotokozera za nyumba ya udzu, za mizere ya kachewere, za mphero za azungu zimene bwana ankaphwanya. Sanakhulupirire za udzuzo mpaka nditatumiza chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati amene anafolera nyumbayo amaidziwa ntchito, koma udzu wake waoneka wochepa m'mbali, mvula ya ku Bembeke siungalimbe nayo zaka ziwiri. Atatero anandifunsa ngati ndalama ya feteleza ija nditumize mwezi uno kapena wamawa.